Makatani a Nyumba ya Dokotala

Lachiwiri, 4 Febuluwale, 3 koloko masana

Chimutu, amuna anga othawa banja,

Ndakhala pansi pakhonde nthawi ino, mbale nditatsuka, kuti ndikulembere ndi dzanja langa lomwe. Zilembo zikapindika usaseke. Sukulu ndinailekera panjira kuti ndibereke amako, amako abereke iwe, iwe uzivala jekete loyera. Moni. Uli bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo. Maondo anga okha ndiwo amadzuka m'mawa akutukwana. Mkazi mnzanga, Make Kachiwala, ali bwino. Mwana wako Kachiwala mano awiri akutsogolo agweluka, tsopano ine ndi iye tikufanana.

Usandiuze za foni. Pafoni ndikangoyamba kukukalipira umati, "Gogo, netiweki," kapena, "Gogo, wodwala wafika." Kalata ilibe netiweki. Uiwerenga mpaka pansi.

Nkhani ndi iyi. Ulendo watha uja unatifotokozera kuti ngakhale sukulu ya udokotala ukumaliza, sunathe. Akuti mukupitanso m'zipatala kukaphunzira ntchito pamanja zaka zina zinayi. Unati aliyense amalemba zipatala zimene akufuna, kuyambira chapamtima mpaka chongodzazira malo, kenako kompyuta imakugawani, ndipo mwezi wamawa nonse mutsegula maenvelopu tsiku limodzi. Unaika dzanja pamutu pa mwana n'kunena kuti chipatala chathu chino unachilemba pamwamba. Ine ndinamva, mkazi wako anamva, ngakhale mphaka anamva.

Tsono mkazi wako wachita zake. Ukuikumbukira nyumba ya dokotala, kuseri kwa wodi ya amayi, ija yangokhala yotseka chichokereni dokotala wadazi uja? Sabata yatha anandikoka kuti tikayeze mazenera. Ine ntchito yanga inali yosokoneza mlonda. Ndinamufunsa za nyamakazi yake, ndipo munthu ukamufunsa za matenda ake ukhoza kumubera ndi mpando womwe wakhalira. Mnzangayo anazungulira nyumba yonse, tepi ili m'khosi, pensulo kukhutu. Chimutu, amene anamanga nyumba imeneyo anali ataledzera. Palibe zenera lofanana ndi linzake. Lina lalitali ngati chitseko, lina lotambalala ngati pakamwa pa mlamu wako, la kubafa n'kabowo koti nkhunda ilowe chopendeka. Ndiye katani iliyonse akuisoka ndi muyeso wakewake. Nsalu yake ndi yachikasu, ya masamba obiriwira. Masana amasokera anthu, akaweruka amasokera iwe. Mashini sakupuma m'nyumba muno.

Tsopano tchera khutu. Mkulu wake uja wa shopu yosoka mayunifomu wamuitananso kutauni kumene amakhala. Akuti mashini alipo, chipinda chilipo, sukulu ya mwana ili pafupi. Aka n'kachitatu. Mkazi wako wamuyankha kuti, "Ndikudikira envelopu." Zaka zonse za sukulu yakozi mkazi ameneyu wagona chipinda chimodzi ndi nkhalamba yoliza mkonono, mwamuna akumuona ngati mvula ya m'chilimwe. Sanadandaulepo. Koma ulusi ukamakokedwa sunena tsiku loduka. Envelopu ikanena zina, apita, ndipo mwana apita naye. Ine nditsala ndi mphaka.

Lemba utiuze tsiku lenileni. Unditumizirenso mafuta opaka m'maondo, aja otentha.

Ndine mkazi wako wamkulu,
Agogo ako

Loweruka, 15 Febuluwale

Okondedwa Agogo,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaiwerenga mpaka pansi monga mwalamulira. Anzanga amandiseka kuti m'kalasi yonse ndine ndekha wolandira makalata a sitampa. Ndili bwino, kungoti tulo ndi tochepa. Mafuta a maondo ndatumiza, koma musamawasakanize ndi aja mumagula kwa bambo wa pamsika. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi musamadumphitse.

Maenvelopu titsegula Lachisanu pa 21 Malichi, masana, tonse m'holo imodzi. Ena akubwera ndi mabanja awo, koma ulendo ndi wautali, musavutike. Ndidzaimba foni.

Za makatani zandikhudza kwambiri. Komabe muuzeni Make Kachiwala asafulumire kudula nsalu yonse. Zinthu izi imagawa ndi kompyuta, ndipo kompyuta sidziwa kuti munthu ali ndi mkazi kapena mwana. Mwina angosoka awiri kaye. Za kwa mkulu wake tidzakambirana bwino ndikabwera, asayankhe chilichonse panopa.

Kachiwala mumuuze asadandaule, mano ake amera ena. Mano a Agogo okha ndiwo anapita ulendo wosabwerera.

Ndine mdzukulu wanu,
Chimutu

Lachitatu, 26 Malichi, m'mawa

Chimutu,

Moni ndikupatsa watheka, wina ndasunga mpaka uyankhe. Uli moyo?

Lachisanu lija tinadzuka ngati kuli ukwati. Mkazi wako anavundikira mashini, n'kuika foni pakati pa tebulo, pa kansalu koyera, ngati mlendo wolemekezeka. Tinaizungulira atatu. Italira koyamba Kachiwala anakuwa, "Ababa!" Anali mayi wina wofunsa ngati diresi lake latha. Kachiwiri anali bambo wolakwitsa nambala, ndinamukalipira mpaka anapepesa m'malo mwako. Dzuwa linalowa. Tinakuimbira, foni yako yotseka. Loweruka yotseka. Lamulungu kutchalitchi amayi onse, "Nanga adokotala athu afika liti?" Ine ndinati, "Akusita jekete."

Uthenga wako uja woti asoke awiri okha ndinaupereka, koma ndinaonjezerapo wanga. Ndinati, "Amuna angawa ndimawadziwa, amachita manyazi ndi mwayi. Ali mwana, akakhoza mayeso ankabisa pepala m'kabudula. Dula nsalu iwe." Wadula yonse. Makatani atha, asitidwa, ali m'sutikesi pansi pa bedi, katani iliyonse ndi kapepala kake kobaya ndi pini: pochezera, kwa makolo, kwa Kachiwala. Ina yalembedwa kuti "kwa Agogo." Ine sindinapemphe chipinda. Ndinangoona, n'kutuluka panja kukakalipira nkhuku za eni.

Mkazi wako akuti mwina ukufuna kutidzidzimutsa, ungotulukira pakhomo ndi katundu. Basi ikaima pamsewu, mashini nawonso amaima. Ngati ndi masewera, asiye, akula. Ngati wadwala, nena. Ngati walephera, nenanso. Tonse awirife sitinakwatiwe ndi jekete.

Agogo ako

Lamulungu, 6 Epulo

Okondedwa Agogo ndi Make Kachiwala,

Moni nonse. Pepani kuti ndinakhala chete. Ndinkasowa poyambira.

Envelopu sinatikomere. Anditumiza ku chipatala chachikulu cha mumzinda wina wa kutali, ulendo wa masiku awiri pabasi kuchokera kwanuko, ku gawo la maopaleshoni a ana. Ndiyamba mu Julayi. M'holo anzanga ankakumbatirana, ena akulira. Ine ndinangopinda pepala n'kutuluka. Kompyuta ikagawa yagawa. Ukakana umadikira chaka china, ndipo dzina lako limada.

Ndafunsa za nyumba. Ophunzira ntchito satipatsa nyumba za mabanja. Ndi chipinda chimodzi anthu awiri, mabedi awiri, kazenera kamodzi pamwamba. Malipiro ake sangakwanire lendi mumzinda umenewo. Tchuthi ndi chachifupi, kamodzi pachaka.

Make Kachiwala, ndikudziwa kulemera kwa zimene ndikukupempha. Zaka zinayi si zambiri tikaona zimene tapirira kale. Ndikamaliza ndidzakhala dokotala wa maopaleshoni, ndipo kokhala tidzasankha tokha. Makatani uwasunge, nsalu siwola. Chonde usapite kwa mkulu wako. Agogo sangakhale okha.

Sindibwera tisanayambe, atipatsa zokonzekera zambiri. Mundilembere za mwana.

Chimutu

Lachitatu, 9 Julayi, dzuwa lili paliwombo

Chimutu,

Moni. Tilipo. Khala pansi ndikusimbire nkhani.

Chilandirireni kalata yako ndakhala ndikutukwana kompyuta. Ndaitukwana pamsika, ndaitukwana pampopi, kutchalitchi ndinapempha abusa aipempherere kuti ipse. Mkazi wako analira sabata yathunthu, kenako anauzanso mkulu wake kuti ayi. Anati, "Si kulakwa kwawo, Gogo. Tidikira." Ine za zaka zinayizo sindinanenepo kanthu, ngakhale masiku ano sopo ndimagula wamng'ono, kuopa kusiyira anthu.

Dzana ndinapita kuchipatala kukatenga mapiritsi, mkazi wako atandigwira mkono. Tinapeza nyumba ija yotsegula. Pakhonde pali kamtsikana kowonda, magalasi m'maso, kakhala pa katoni, kakulira. Mazenera onse kamata manyuzipepala. Mlonda anatinong'oneza kuti ameneyo ndiye dokotala watsopano, wotsegula envelopu tsiku limodzi ndi iwe, koma wa sukulu ina.

Ukundidziwa, sindidutsa pamaliro osafunsa wamwalira ndani. Ndinati, "Mwanawe, wakumenya ndani?"

Anati, "Palibe, Agogo. Kungoti kuno sindinkakufuna."

Ndinati, "Ha! Dziko ili lilibe chilungamo. Iwe ukulira kuti akupatsa, mdzukulu wanga akulira kuti am'mana. Iye chipatala chino anachilemba pamwamba penipeni, kompyuta n'kumutaya kutali ngati chikho chong'aluka."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anati, "Pamwamba? Sizingatheke, Agogo. Chipatala chino palibe amachifuna. Malo analipo awiri, adzaza amodzi okha, ndi ine, amene ndinachilemba kumapeto kwenikweni. Munthu wochilemba pamwamba akanamupatsa ndi manja awiri. Ngakhale lero atapempha, malo enawo akadali opanda munthu."

Ndinati, "Mwanawe, sukulu yanu ndi ina, mwina ndi kompyuta yanu ndi ina."

Anati, "Ndi imodzi kwa tonse." Apo m'pamene anaona nkhope ya mkazi wako, n'kudzigwira pakamwa. Koma madzi anali atatayika kale.

Mkazi wako sanalire. Anangoyang'ana mazenera aja limodzi ndi limodzi, n'kufunsa kuti, "Adokotala, manyuzipepalawo mukhala nawo mpaka liti?" Tinabwerera osatenga ndi mapiritsi omwe. Titafika anakoka sutikesi pansi pa bedi, n'kuipukuta fumbi, n'kuibwezera pomwepo.

Tsono ndikufunsa, ndipo usandiyankhe za kompyuta, ndaitukwana kale yosalakwa. Dzanja lija unaika pamutu pa mwana linali la ndani? Malo alipo. Kadokotala kaja kakuti ukabwera nyumba kakusiyira, kokha kakuiopa. Sutikesi ikadali pansi pa bedi, koma lero ndaona mkazi wako akuchapa zikwama za ulendo. Akuti zinachita fumbi. Yankha msanga.

Agogo ako

Lamulungu, 27 Julayi

Agogo,

Moni. Zimene anakuuzani dokotalayo ndi zoona. Chipatala cha kwathu sindinachilembe pamwamba. Sindinachilembe n'komwe.

Tsiku losankha ndinachiika pamwamba monga ndinalonjezera. Kenako m'maganizo ndinaona khonde lalitali lija lopita ku wodi ya amayi, ndi benchi lobiriwira pafupi ndi chitseko. Ndinali ndi zaka khumi. Amayi anagona pa benchi limenelo kuyambira m'mawa akudikira dokotala, mutu uli pamwendo panu, ine nditawanyamulira nsapato. Pamene dokotala ankafika n'kuti nsapatozo zilibenso mwini. Dzina la chipatalacho ndinalifufuta.

Ndinafufuzanso. Chipinda cha opaleshoni kumeneko chimagwira ntchito mwa apo ndi apo, magazi amasowa, wondiphunzitsa kulibe. Ndikabwera ndidzakhala dokotala uja wofika mochedwa, tsiku ndi tsiku, kwa ana a anthu amene ndikuwadziwa maina. Kuno sabata ino ndathandiza nawo opaleshoni ya khanda lobadwa matumbo atatsekeka, ndipo lero likuyamwa. Ndikanakuuzani zoona mukanandigonjetsa ndi pakamwa, Agogo, monga mumachitira nthawi zonse, ndipo ndikanabwera. N'chifukwa chake ndinanama.

Sindipempha kusintha. Ndikudziwa chimene ndikutaya. Make Kachiwala ndamulembera payekha kawiri, sakuyankha. Mumuuze kuti, kaya, sindikudziwa choti mumuuze.

Chimutu

Lachisanu, 8 Ogasiti

Bambo a Kachiwala,

Moni. Makalata anu ndinalandira. Kachiwala ali bwino, mano amera.

Za benchi ndamva, Agogo anandipatsa kalata ndiwerenge ndekha. Mukanandiuza chaka chatha ndikanalira nanu limodzi, mwina ndikanakutsatirani ngakhale kokagona pansi. Koma munandisiya ndikuyeza mazenera. Munadziwa ndikugula nsalu, munadziwa ndikudula, ndipo munati ndisoke awiri okha. Awiriwo anali a chiyani?

Makatani ndinakapachika dzulo kwa adokotala aja. Akwana ndendende. Ankafuna kulipira, ndinakana.

Mawa tikunyamuka kupita kwa akulu anga. Agogo ndawachonderera kuti tipite limodzi, akana, akuti sanakalambe zofika posungidwa ndi azilamu a mdzukulu. Adokotala alonjeza kuti aziwaona. Mwana mukafuna kumuona, njira mukuidziwa. Ine musandilembere kaye.

Make Kachiwala

Lachiwiri, 14 Okutobala, 3 koloko masana

Kwa inu adokotala amene mumagona chipinda chimodzi ndi mdzukulu wanga,

Moni, mwana wa eni. Nkhope yanga simuidziwa, koma mawu mukuwadziwa. Ndine nkhalamba ija munaiyankha pafoni kuti, "Ali ku opaleshoni, Agogo," ine ndikumumva akutsokomola pambali panu. Chifuwa chimenecho ndinachilera ndine. Sindikukudzudzulani, bodza lanu linali laulemu. Ndalembera inu chifukwa makalata anga akupita kwa iye ngati miyala yoponya m'chitsime, ndipo ndikuganiza kuti sakuwatsegula. Inu mwatsegula, ndiye mwagwidwa. Werengani mpaka pansi.

Mumuuze kuti kuno nyumba yakula. Pamene pankakhala mashini patsala zipsera zinayi pasimenti, ndimazilambalala posesa. Mphaka anasamukira kwa anthu okhala ndi ana. Kachiwala anandilembera kamodzi, zilembo zake zaposa kale zanga. Anafunsa za mphaka. Za bambo ake sanafunse.

Mumuuze za benchi. Likadalipo, anangolipaka utoto wina. Mwezi uliwonse ndikapita kukatenga mapiritsi ndimakhala pomwepo, chifukwa lina palibe, ndipo maondo sadziwa chisoni. Amene anafera pamenepo anali amake, inde. Koma kwa ine anali mwana wanga, ndipo mutu wake unazizirira pamwendo panga. Sindikuti iye ndi wamantha. Ndikungoti enafe sitinapatsidwe pepala loti tisankhe pokhala. Akuti akupulumutsa makanda a eni. Apulumutse, ndi ntchito yabwino, Mulungu amuonjezere manja. Sindikumuitananso. Malo aja anapatsa munthu wina mwezi watha.

Mzere wa mapiritsi ukatalika ndimatuluka dzuwa likulowa, n'kudutsa kuseri kwa wodi ya amayi. Kadokotala kaja kakayatsa magetsi nyumba yonse imawala chikasu, masamba obiriwira aja n'kumaoneka ngati munda. Anthu amaima kuyang'ana. Chipinda chija chinalembedwa kuti "kwa Agogo" kaikamo makatoni a mabuku. Katani yake ndiyo yakhala bwino kuposa onse.

M'phukusimu muli kakatani kamodzi. N'ka zenera la kubafa, kanagwera kuseri kwa bedi, ndakapeza posesa. Iye analemba kuti chipinda chanu chili ndi kazenera kamodzi pamwamba. Ndikuganiza kuti kakwana. Pa nyumba yonse imene mkazi wake anamusokera, gawo lake ndi limeneli. Mumuthandize kupachika. Mimba za anthu amatsegula, koma msomali sadziwa kukhoma.

Ndikanalemba zambiri koma dzanja latopa. Sopo uja watsala kachidutswa, ndiona ngati ndigule wina.

Mukawerenga, kalatayi musaisunge ndipo musaitaye. Mumupatsire m'manja, osati pa pilo, ndipo muime pomwepo mpaka maso ake afike pamzere uno.

Ndine agogo ake a Chimutu. Dzina limeneli mwina simulidziwa kumeneko. Muitaneni choncho, atembenuka.